Migolo ya Pakhonde la a Wiseman

Rabecca anakwatiwa ndi mwana wa mlimi wa fodya wa ku Kasungu, ndipo zaka zonse za ku London sizinawachotse amuna akewo, a Wiseman, ulimi m'magazi. Anali munthu woti akadutsa pamalo ogulitsa maluwa amapisa chala m'dothi la m'miphika, n'kulinunkhiza, kenako n'kupukusa mutu ngati wogulitsayo wawalakwira. Banjali linkakhala ku Thamesmead, m'fulati ya m'mwamba, kudera limene basi imafikako itatsitsa kale anthu onse ofunika. Rabecca ankagwira ntchito kunyumba yosungira okalamba ku Lewisham. A Wiseman ankayendetsa vani yoperekera katundu m'mashopu mpaka pamene khansa inawalowa m'mafupa. Mwana wawo yekhayo, Mwayiwathu, anali pasukulu ku Zomba.

Ululu wa m'mafupa sudziwa kuti uyu ndi bambo wa pakhomo. A Wiseman ankaluma pilo kuti oyandikana nawo asamve. Achipatala tisawanamizire, anachita mbali yawo: anapereka mofini, ndipo ululu unkagonja. Vuto linali loti mofiniyo ankatenga ululu pamodzi ndi mwini wake. Akamwa ankagona tsiku lathunthu, akadzuka n'kusanza, maso ali mbuu. Masana ena Rabecca akuwapukuta kumaso, iwo anamuyang'ana mwaulemu ndithu n'kufunsa kuti, "Asisita, kodi mkazi wanga abwera nthawi yanji?"

Rabecca anakalirira kubafa atatsegula mpopi. Dokotala anali atanena kale mosapsatira kuti matendawo sadzachira, ndipo Rabecca anali atavomereza, chifukwa pantchito yake imfa ankaiona mlungu ndi mlungu. Chimene sanavomereze n'chakuti mwamuna wake amuchokere akadali kupuma. Ankafuna chinthu chimodzi basi: masiku otsalawo akhale ndi a Wiseman omudziwa, otha kumutchula dzina.

Chamba chinalowa m'nyumbamo ndi Killian, m'Zambia wa ku Chipata amene ankagwira ntchito ndi a Wiseman pa vani. Anabwera Loweruka lina, anaona mmene mnzake analili, ndipo potuluka anamukokera Rabecca kukhitchini n'kumupatira kakanthu kokulunga m'pepala.

"Mulamu, aka muphikileni mu mukaka, pang'ono chabe," anatero. "Ni ka mudala wina wamene amalima eka. Osayopa, nifuna chabe munzanga adyeko."

Rabecca anali mayi wa Mvano, wa bulauzi yoyera ndi duku loyera, ndipo kakanthuko anakagwira ndi nsonga za zala. Kanakhala masiku m'kabati kuseri kwa mchere. Koma tsiku lina a Wiseman atasanza ngakhale madzi, anakatulutsa n'kuphika. Madzulo a tsikulo amuna ake anadya mpunga mbale yonse, anapempha wina, kenako anayamba kumunena kuti mchere anathira ngati akuumitsa nsomba. Rabecca anaseka misozi ili mbwembwembwe. Mlungu umenewo mofini anangomwa wochepa, ndipo anacheza ndi Mwayiwathu pafoni mpaka batire linatha.

Kakanthuko katatha, mdala wa Killian uja anali atasamukira kutali. Killian anakagula china kwa anyamata a mumsewu, ndipo chimenecho chinali chiphe. A Wiseman mtima unagunda ngati utuluka, anatuluka thukuta, ankaona anthu pakhoma. Atatsitsimuka analumbira kuti cha mumsewu sadzachikhudzanso.

"Sitikudziwa chimene amathiramo," anatero. "Mayi a Mwayi, ndidzala ndekha. Changa ndidzadziwa chimene chadya ndi chimene chamwa."

"Bambo a Mwayi, mukufuna atimange? Kuno si ku Kasungu. Police ikangodziwa, ntchito yanga yatha, visa yatha, ndiye mudzadwalira kuti?"

"Mitengo iwiri yokha. Chipinda cha Mwayi chili chabechabe."

Rabecca anakana masiku angapo, ndipo kukana kwake kunali koona. Koma Lamlungu lina pochokera kutchalitchi anapeza amuna ake ali gone pampando, malovu akutsikira pakolala, osamuzindikira. Mawa lake anamuimbira yekha Killian kuti abweretse njere.

Motero m'chipinda chimene anakonzera mwana wawo munalowa miphika iwiri ikuluikulu, nyale yowala kwambiri ndi kafani. Feteleza wa m'botolo a Wiseman anamukana kwamtuwagalu. Dothi anasakaniza okha ndi manyowa a makoko a nthochi, masamba a tiyi ndi zotsala za ndiwo zamasamba, zimene ankaoletsa m'chidebe chokhala ndi nyongolotsi. Munthu amene ankalephera kufika kubafa osapumira panjira anayamba kudzuka m'mamawa kukaona mbewu zake. Rabecca ankawamva akuyankhula nazo, mwina kuzinyengerera, mwina kuzikalipira.

Mbande zoyamba zinamera bwino, kenako masamba anayamba kuchita chikasu. Rabecca anati mwina ndi kuzizira. A Wiseman anangopita kukhitchini n'kubwera ndi ketulo, n'kumutsegulira.

"Taonani m'katimu. Zoyerazi n'chiyani?"

"Ndi limescale. Ketulo aliyense kuno amatero."

"Ndiye ngati chitsulo chikumera miyala chonchi, muzu ungatani? Madzi a kuno ndi a laimu, komanso amawathira mankhwala. Dothi langali ndi lamoyo, mayi. Muli tizilombo timene timaphikira mbewu chakudya. Tikamwa zimenezi timafooka."

Bambo awo, anatero, sankathirira nazale ya fodya ndi madzi a pachitsime chilichonse, ankayamba alawa. Ndiye anatuma Killian kukagula migolo iwiri ya pulasitiki yokhala ndi zivindikiro, n'kuiika pakhonde. Anamangirira pepala la pulasitiki kuchitsulo cha khondelo kuti mvula izitsetserekera m'migolomo. Mvula yoyamba ankaisiya ipite, ati imatsuka fumbi la mumlengalenga. M'madzimo ankaviikamo sokosi yodzaza manyowa, moti ankaoneka ofiirira ngati tiyi wa kumaliro, ndipo fungo lake silinali la nyumba ya munthu wosamalira okalamba. Mvula ya ku London, imene Rabecca anaitukwana zaka zonse ali pa siteji ya basi, inapeza woiyamikira. Kukachita mdima kumwamba, a Wiseman nkhope inkawala.

Mbewu zinabwerera. Zinakula mpaka m'chiuno, zobiriwira bii, kenako zinayamba kuchita maluwa. A Wiseman ankaonda mwezi ndi mwezi, koma mofini ankamwa wongokwanira kuti aime, ululu wotsalawo n'kumaupirira. Ankati kwatsala milungu yochepa kuti akolole, ndipo akakolola zikwanira mpaka kumapeto. Mawu akuti kumapeto ankawatchula mosaopa.

Zinthu zinasokonekera pamene anatentha thupi mwadzidzidzi n'kugonekedwa m'chipatala. Ali pa bedi, madiripi ali lendelende, nkhawa yawo inali kunyumba.

"Muzithirira a mumgolo okha," anamuuza Rabecca. "A pampopi ayi, ngakhale mutatopa bwanji."

"Ndamva, bambo a Mwayi. Mwanena kale."

Mlungu umenewo Rabecca ankangozungulira: kuntchito, kuchipatala, kunyumba kukasintha zovala. Mbale zinaunjikana, zochapa zinadzaza dengu. Ndiye kunabwera foni ya a Bessie, wapampando wa amayi a Mvano pampingo wawo. A Bessie anali nesi wopuma ntchito, wochokera ku Ndirande, mayi wa mtima wabwino umene sufunsa chilolezo. Kwathu munthu akadwazika matenda, amayi anzake sabwera ndi mawu okha. Amasesa, amachapa, ndipo koposa zonse amatunga madzi, kuti wodwazika asasowe poyambira. A Bessie mwambo umenewu anakwera nawo ndege.

"Achemwali, mawa tikubwera ndi azimayi tidzakuthandizeni m'nyumbamo. Key mutisiyire pansi pa mat."

"Musavutike amayi, ndikwanitsa."

"Mukwanitsa chiyani? Tinakuonani Sunday, mwatha ngati ndinu wodwalayo. Musatimane madalitso."

Mungakane bwanji? Kukana kukanabala mafunso ambiri kuposa kuvomera. Rabecca anakhoma chipinda cha Mwayi, kiyi n'kuika m'chikwama chake, ndipo anawauza a Bessie kuti mmenemo muli katundu wa eni nyumba. Anaganizira za fungo, anaganizira za kuwala kotuluka pansi pa chitseko n'kutsekapo ndi thaulo. Za migolo ya pakhonde sizinamufike m'mutu n'komwe.

Atabwerera madzulo anapeza nyumba ikuwala. Makatani anali ochapa, mafuta a pachitofu atachoka, mufiriji muli mapoto a nkhuku ndi nyemba. Paliponse pankanunkhira jiki. Rabecca anakhala pampando n'kulira chifukwa cha kukoma mtima kwa anthu, ndipo kulirako kunamupepuza. Kenako anatenga jagi, anatunga mumgolo mwachangu osasuzumiramo, n'kukathirira. Mphuno zake zinali zitazolowera jiki kuyambira kuntchito, ndipo nyumba yonse inali fungo lomwelo, choncho sanamve kanthu.

Mawa lake masamba anali atazyolika. Iye anati ndi ludzu, nyale ija imatentha, ndiye anathira madzi ambiri kuposa dzulo. Tsiku linalo nsonga za masamba zinapsa, anathiranso. Kuchipatala a Wiseman akafunsa, ankayankha kuti zili bwino, poganiza kuti pofika tsiku lotuluka zikhala zitadzuka.

Lamlungu atatuluka m'tchalitchi anapita kukathokoza a Bessie. Mayiwo anamugwira dzanja n'kumukokera pambali, monga amachitira munthu wofuna kukudzudzula mwachikondi.

"Koma achemwali, madzi aja a pa balcony, inu wa ntchito ya care ndithu? M'nyumba mwa munthu wa cancer? Akuda bii, muli ndi chisokosi chowola. Tinataya onse, migolo tinakwecha, tinakutungirani a pa tap abwinobwino. Ndinathiramonso jiki wokwanira kuti asachite ndere. Amenewo ngokolopera, musamwe."

Rabecca anazindikira pomwepo chimene wakhala akuthirira mbewu zija. A Bessie anakulira kumene mpopi umauma mlungu wathunthu, ndiye mgolo wa madzi m'nyumba sunawadabwitse. Anaonanso kolera akutenga anthu m'makwalala a kwawo, ndipo kwa iwo madzi ongokhala opanda mankhwala anali mdani. Anachita zimene mayi aliyense wanzeru akanachita. Ndipo anaimirira pamenepo akumwetulira, kudikira zikomo.

"Zikomo kwambiri, amayi," anatero Rabecca. "Mulungu akudalitseni."

Ulendo wa basi wobwerera ku Thamesmead sunathe msanga tsiku limenelo. Atafika anavundukula mgolo, ndipo tsopano fungo linamumenya m'maso. Madzi anali oyera mbee mpaka pansi. Anathamangira kushopu, anagula mabotolo a madzi mmene manja akanathera kunyamula, n'kuwakhuthulira m'miphika kuti atsuke dothi. Anabwereza mawa lake. Kumwamba kunali kowala mlungu wonsewo, mvula osagwa ngakhale dontho. Masamba anapitiriza kuuma kuchokera pansi kukwera m'mwamba, maluwa aja anafota asanakhwime, ndipo pamwamba pa dothi panali nyongolotsi zakufa.

A Wiseman anatuluka m'chipatala Lachinayi, akuyenda ndi ndodo, Killian atawagwira mkono. Sanakhale n'komwe pansi. Analunjika kuchipinda cha Mwayi, ndipo Rabecca anawatsegulira chifukwa panalibenso chobisa. Anaima pakhomo nthawi yaitali. Kenako anawerama movutikira, anatapa dothi pang'ono n'kulifikitsa kumphuno.

"Jiki," anatero.

Rabecca anafotokoza zonse: za kiyi, za amayi a Mvano, za mmene anathirira kawiri katatu poganiza kuti ndi ludzu. Ankayembekeza kuti akalipa, ndipo ankafuna kuti akalipe. Iwo anangopukuta chala pa thalauza.

"Anakwecha migolo yonse iwiri?"

"Yonse."

"Ndi msana wawo uja? A Bessie ndi munthu."

Killian anayesa kuwalimbitsa mtima kuti mawa lake abweretsa njere zina, ayambirenso. "Mudala, nizaleta mbeu zina mailo. Tiyamba futi, manje tadziwa."

A Wiseman anaseka pang'ono, kuseka kopanda mpweya. "Boyi, kuchokera pa njere mpaka kukolola ndi miyezi. Wamva zimene anena adokotala. Udzathiririra ndani?"

Rabecca anatola timaluwa tofotato n'kuyesa kutiumitsa, koma tinali tosakhwima, ndipo a Wiseman atamwa mkaka wake sanamve kusintha kulikonse. Killian anayendayenda kufunafuna mdala uja osamupeza. Za mumsewu a Wiseman anakaniratu, anati safuna kufa akuona anthu pakhoma.

Achipatala anali atanena kuti nthawi yakwana yoika kampope kakang'ono pamkono, kolowetsa mofini m'thupi usana ndi usiku. Nesi woyendera odwala m'makomo anasiya nambala yake, kuti akakonzeka aimbe. A Wiseman anati ayi, adikire kaye. Sananene chifukwa, koma Rabecca ankachidziwa. Anali atawauza kalekale za tsiku lija anamutcha asisita, ndipo iwo sanaiwale. Tsopano ankamulipira ndi thupi lawo. Ankamwa timadontho tochepa, n'kukhala maso, kumuyang'ana, kumutchula dzina mwadala kuti amve kuti akadalipo. Koma kucheza kunalibe. Munthu amene akukukuta mano sangacheze. Rabecca akawatembenuza pa bedi ankamva kubuula kotsekeredwa pakhosi, ndipo pilo ankapezeka wonyowa, wong'ambika pakona.

A Bessie anabwera kudzazonda atanyamula phala la mpunga. Anaimba nyimbo, anapemphera mochokera pansi pa mtima mpaka misozi. Rabecca anali kukhitchini, atagwira sinki ndi manja onse awiri. Anali ndi mkwiyo woopsa, ndipo mkwiyowo unalibe pofikira. Mayiyu sankadziwa kanthu, sakanadziwa, ndipo kumuuza kukanangomupatsa katundu woti asenze mpaka kumanda, kuwonjezera pa kuika banja lonse m'kamwa mwa anthu. Ali chomwecho anamva mawu a amuna ake kuchipinda, ofooka koma omveka.

"Amayi, ndamva kuti munatikonzera nyumba. Mwatichitira zazikulu. Mkazi wangayu musadzamusiye yekha."

"Sitingamusiye, bambo. Ndi wathu ameneyu."

Mlendo atapita, Rabecca anakhala m'mphepete mwa bedi. Kunja kunali dzuwa la masana, ana akusewera mpira pabwalo la pansi. A Wiseman anali atatseka maso, thukuta lili kamukamu pachipumi, dzanja litafinya chitsulo cha bedi mpaka zala kuyera. Rabecca anawayang'ana nthawi yaitali. Chimene ankafuna chija anali nacho: mwamuna wake anali pomwepo, akumudziwa. Ndipo anaona mtengo wake, anaonanso amene ankaulipira.

"Bambo a Mwayi, ndikufuna ndiimbire nesi uja."

Anatsegula maso. "Ndikhoza kupirira, Rabecca."

"Ndikudziwa kuti mukhoza. Ine ndi amene sindingathe."

"Mukudziwa kuti akangoika kaja, sindibwereranso? Mudzakhala ndi munthu wongopuma."

"Ndikudziwa."

A Wiseman anagwedeza mutu movomera. Anapempha kuti ayambe aimbira Mwayiwathu. Anayankhula naye mwachidule, anamufunsa za mayeso, anamuuza kuti azimvera amayi ake, ndipo mawu awo sananjenjemere mpaka foni itadulidwa. Atatero Rabecca anaimba nambala ija.

Nesi anafika chakumadzulo dzuwa likadalipo, mtsikana waulemu wa manja ofewa. Anagwira ntchito yake mwakachetechete, anafotokoza zoyenera kufotokoza, n'kupita. Kampope kanayamba kulira motsitsa pansi pa bulangete.

Pang'ono ndi pang'ono dzanja la a Wiseman linamasuka pachitsulo. Nkhope inasalala, mapewa anatsika, ndipo kwa kanthawi kochepa anali munthu wopanda ululu amene akadali maso. Rabecca anali ndi zambiri zoti anene, zimene anazisunga miyezi yonseyi. Iwo ndi amene anayamba, ndipo anayamba ndi zazing'ono. Anati miphika ija asaitulutse masana anthu akuona. Anati vani ya kuntchito ili ndi jekete lawo, Killian akalitenge likhale lake. Anati tsiku limene anamuona koyamba pa depoti ya basi ku Lilongwe anali atavala nsapato zosiyana ndi diresi, ndipo anafuna kumuuza koma anaopa.

"Munaopa chiyani?" anafunsa Rabecca.

"Ndinaopa kuti mukapsa mtima ndiye kuti..."

Rabecca anadikira kuti amalize. Anawagwira dzanja, anawaitana, anawaitananso. Iwo anali akupuma bwinobwino, mofatsa, kupuma kumene sanapume kwa milungu yambiri. Rabecca anawakonzera pilo, anawapukuta pachipumi, n'kukokera mpando pafupi. Kenako anayamba kuwauza zonse zimene anasunga zija, chimodzichimodzi, mokweza ndithu, ngati akumva.